Mawu Amene Overton Anatola ku Al Quoz

Overton Chikuse anali mnyamata wa ku Ntcheu amene ankagwira ntchito yokonza makina oziziritsa m'nyumba ku Al Quoz, mumzinda wa Dubai. Chizungu ankachidziwa cha kusukulu, koma cha ku Dubai anachita kuchitola pang'onopang'ono, ndipo mawu amene anamukomera kwambiri anali akuti "hook up".

Anayamba kuwamva kwa kapitawo wawo, Mfilipino, amene ankawanena akafuna kuti waya alumikizidwe ku makina. Kenako anawamvanso kwa Dalton, mnzake wa ku Chipata amene ankagona naye chipinda chimodzi. Foni ya Overton itasweka galasi, Dalton anamuuza kuti asadandaule, amupanga hook up, ndipo madzulo ake anamupezeradi Mpakisitani wokonza mafoni. Tsiku lina anamva anyamata awiri m'sitima ya metro akupangana kuti apange hook up ku molo, kumene kuli masitolo ambiri, kutanthauza kuti akakumane. Overton anaona kuti mawuwa ndi abwino, chifukwa kulumikiza, kuthandiza ndi kukumana zonse zinali momwemo. Anayamba kuwatchula paliponse.

Mkazi wake kumudzi atabereka mwana wamkazi, nkhani inamveka ku gulu la mapemphero la Amalawi ndi Azambiya limene ankasonkhana nalo Lamlungu. M'gulumo munali mayi Angelina, olera ana m'nyumba ina ku Mirdif, munthu waulemu wake amene amuna awo anali ku Zomba. Iwo anamuuza kuti abwana awo aakazi akufuna kutaya zovala za khanda zimene zinamuchepera mwana wawo, zambiri zosavalidwa n'komwe. Anakumana ku Al Muraqqabat, pakhomo pa kahotela kena pafupi ndi ofesi yotumiza katundu, ndipo anamupatsa zikwama ziwiri zodzadza.

Lamlungu lotsatira, nthawi ya maumboni, Overton anaimirira atavala malaya ake oyera. Anathokoza Mulungu chifukwa cha mwana, kenako anatembenukira kumene kunakhala amayi.

"Abale, sindingabise. Sabata yatha ine ndi mayi Angelina tinapanga hook up ku Muraqqabat, pa kahotela kaja. Zimene anandichitira mayiwa sindidzaiwala. Ngakhale mkazi wanga ndamuuza, wasangalala."

Achikulire ena anayankha kuti ameni. Koma kumbuyo, kumene kunakhala achinyamata, kunamveka kaphokoso ngati munthu watsamwa. Mtsikana wina amene ankajambula mapemphero pa foni anagwira pakamwa. Mayi Angelina anaweramitsa mutu n'kumangoyang'ana Baibulo lawo lotseka. Overton anaganiza kuti ndi kudzichepetsa, ndipo anakhala pansi mtima uli mbee.

Atatuluka, Dalton anamukokera kuseri kwa nyumba, padzuwa.

"Mdala, udziwa chimene wakamba muja?"

Overton anati wathokoza munthu amene anamuthandiza. Dalton anapukusa mutu, ndipo motsitsa mawu anamufotokozera kuti mwamuna akanena kuti anapanga hook up ndi mkazi, makamaka akatchulanso hotela, anthu amamva kuti anagona naye.

Overton anafunsa chifukwa chake Dalton sanamuuze kale, ndipo Dalton anati iye ankaganiza kuti aliyense amadziwa. Overton atasuzumira pakhomo kuti aone mayi Angelina, anapeza atapita kale, osadikira ngakhale tiyi.

Overton anakwera basi yobwerera. Ankangobwereza m'mutu mawu ake aja limodzilimodzi, ndipo akafika pakuti "sindidzaiwala" ankatseka maso. Pofika madzulo, kavidiyo ka umboni wake kanali katayenda m'mafoni. Wina anakadula n'kusiya pokhapo poipa. Kanafika kwa Amalawi a ku Sharjah, kenako kanawoloka nyanja mpaka ku Malawi.

Kwa milungu ingapo Overton sanapite ku mapemphero. Kuntchito kapitawo akanena mawu aja ali ndi waya m'manja, iye ankamva makutu kutentha. Analemba uthenga wopepesa kangapo n'kuufufuta. Pamapeto pake mayi Angelina ndi amene anamuimbira foni.

Sanakalipe. Anamuuza kuti alamu awo aakazi anaonetsa kavidiyoko amuna awo, bambo Kingston, ndipo anawamasulira mawuwo m'njira yoipayo. Kuyambira tsikulo bambowo ankayankha foni mwachidule, ana okha ndi amene ankacheza nawo.

"Ine ndikudziwa kuti simunafune zoipa, achimwene," anatero. "Koma dzina limene likuyenda m'mafonimo ndi langa. Kubisala kwanuko kukungowonjezera."

Anamupatsa nambala ya bambo Kingston. Overton anaimba pa nthawi yopuma masana, atakhala pa bokosi kuseri kwa shedi. Anadzitchula dzina ndi kwawo, n'kufotokoza zonse kuyambira pa waya, foni yosweka, mpaka zikwama za zovala. Bambo Kingston anamvetsera osamudula mpaka anamaliza.

"Chichewa munachisiya pabwalo la ndege?" anafunsa.

Overton anati ayi, bambo. Iwo anati amva, ndipo nkhaniyo akambirana ndi akazi awo. Anafunsanso ngati zovalazo zinamukwana mwanayo, kenako anadula.

Lamlungu limenelo Overton anapita ku mapemphero n'kupempha mtsogoleri kuti amulole kulankhula. Anaima kutsogolo manja ali kumbuyo, ndipo m'Chichewa chokhachokha ananena kuti mayi Angelina anamupatsa zovala za mwana wake, basi, ndipo iye anawachititsa manyazi pogwiritsa ntchito mawu amene sankawadziwa mapeto ake. Anapempha kuti amene anatumiza kavidiyo koyamba kaja atumizenso kameneka. Palibe anaseka. Mtsikana wojambula uja anajambula maso ali pansi.

Kavidiyo kachiwirika sikanayende kutali ngati koyamba. Komabe patapita mwezi, mayi Angelina anauza amayi anzawo kuti kunyumba zinthu zabwerera m'malo. Overton ankawapatsabe moni mwaulemu, koma mayiwo akamuona akubwera kumene kuli tiyi, ankatenga kapu yawo n'kukaima ndi amayi ena cha pawindo.