Makungwa Pansi pa Zitseko

Zitseko zinali zitauma kale vanishi pamene Randa anazindikira kuti alibe mitengo yotsamiritsira katundu m'lole. Dzinali, la chida chosalazira matabwa, anamupatsa ndi amisiri a m'shedi ya malemu bambo ake, poti ankasalaza thabwa mpaka kuiwala kudya. Aka kanali koyamba kugulitsa kunja kwa dziko, ndipo abale anali atagamula kale: katundu akafika bwino, shedi ikhala yake. Akapanda kufika, aitenga bambo ake aang'ono.

Chilolezo chotumizira katundu kunja chinalipo, umboni woti mitengo inadulidwa mwalamulo unalipo, ndipo zitsekozo zinafukizidwa mankhwala ophera tizilombo.

"Ndikagule mapaleti ofukizidwa, aja okhala ndi chidindo," anatero Randa.

Bambo aang'ono, amene anayendetsa malole a matabwa zaka zambiri, anaseka. "Mwana wanga, sukulu idzakupha. Chidindo pa mtengo wongotsamiritsa? Kuseri kuno kuli mapolo a bulugamu. Mawa udzafunanso chiphaso cha chingwe."

"Koma ali ndi makungwa, bambo."

"Ndiye zitseko zako zichita manyazi? Malire ndinayamba kuwoloka iwe usanamere mano."

Amisiri anaseka nawo, ndipo Randa anagonja. Bambo aang'ono anasankha okha mapolowo, aja anagona pansi dzinja lonse. Anathandizanso kukweza, ntchito imene sanaigwirepo chimwalirire mkulu wawo.

Pamalire, mayi woyeza zomera anawerenga mapepala n'kukhutira. Kenako anawerama, n'kulowetsa kampeni pansi pa khungwa. Panagwa ufa, motsatana ndi mphutsi yoyera yonenepa bwino.

"Mapolowa mwawatenga kuti, mayi?"

"Amenewo si katundu. Ndi ongotsamiritsira."

"Kachilombo sikadziwa kuti katundu ndi uti. Mtengo uliwonse wowoloka malire, kaya ndi bokosi kaya paleti, uyenera kusendedwa, kufukizidwa kapena kutenthetsedwa, n'kudindidwa. Mphutsizi zikalowa kuno zitha nkhalango. Zitseko zanu zagona nazo, sizilowa." Anapukuta kampeni kaja. "Amene anakulangizani ndi mlendo pa ntchitoyi?"

"Ayi. Ndi dalaivala wakale wa matabwa."

Woyeza zomera uja anamubwezera mapepala ake. "Ndiye ankadziwa. Palibe dalaivala wosadziwa zimenezi."

Mapolo anatenthedwa Randa akuona. Zitseko zinatsitsidwa pabwalo kudikira kufukizidwanso, mvula ikuzinyowetsa m'mawa, dzuwa likuziwamba masana, mpaka zinapindika ngati nthiti za ng'ombe. Wogula anaimba kamodzi kokha, kunena kuti wapeza mmisiri wina.

Atabwerera, Randa anapeza loko watsopano pachitseko cha shedi. Bambo aang'ono anali pampando wa malemu, miyendo itasanjikizana, amisiri akuwalonjera kuti bwana. Palibe anakweza maso.

"Pepa, mwana wanga," anatero mofatsa. "Zakunjazi si za atsikana, ndinkanena ine."

"Munkadziwa, bambo."

"Mapepala anali m'dzina la ndani? Wophunzira ndi ndani pano?" Anakankha tsache ndi phazi mpaka linamugunda nsapato. "Koma magazi sataya. Utuchi ukufuna wosesa. Uyambire kuseri."

Phunziro: Lamulo la matabwa silithera pa katundu wogulitsidwayo. Limafikanso pa bokosi, paleti ndi kamtengo kalikonse kotsamiritsira. Musanakweze, funsani ku ofesi yoona za nkhalango ndi zomera, osati kwa amene angapindule inu mukagwa.