Kuseri kwa Kanema wa Amayi

"Tasiya, iwe, ugwetsa!" anatero Kalaliki atakumbatira kanema ngati mwana wodwala.

"Siyani inuyo, achimwene," anayankha mlongo wake, Nesi, atagwira mbali inayo. "Amayi anati ndi wanga."

Bambo awo, Telala, anali pamakina awo osokera. Analowetsa ulusi pasingano kamodzi kokha, n'kumangowayang'ana. Panali patadutsa masiku atatu chiikireni akazi awo m'manda. Pamaliro ana awiriwa analira mopikisana, aliyense akusuzumira mnzake kuti aone ngati waposedwa. Lero ankalimbirana kanema wakale wamimba kumbuyo, amene ngakhale wakuba akanamusiya.

Telala ankadziwa kuti nkhani si kanema ayi. Nkhani inali nyumba. Nyumbayo inali ya malemu, yosiyiridwa ndi makolo awo. Dzulo lake anawamva ana aja kuseri kwa bafa. Kalaliki anali atapeza kale wogula, Nesi ankafuna kuikamo anthu a lendi. Chimene anagwirizana n'chimodzi chokha: bambo asamuke. Aliyense ankati kwa mnzake n'kumene kuli malo.

Zonsezi zinayamba zaka ziwiri zapitazo, pamene amayi anati maso achita mdima. Iwo ankakonda sewero lina la pakanema la faifi koloko madzulo, la chilankhulo chachilendo, mawu ake olembedwa m'munsi. Pofunika wowawerengera. Ana amene kale ankabwera kamodzi pachaka anangoti atamva za matenda, fungo la nyumba linawapeza. Kalaliki anatenga Lolemba ndi Lachitatu, Nesi Lachiwiri ndi Lachinayi.

Telala ankadana ndi masewero, ndiye ankasoka atafulatira kanemayo. Koma makutu safulatira.

"Amayi, mtsikana uja walowa kuchipinda kwa amake," ankatero Kalaliki. "Wavala zoyera ngati za kuchipatala. Akupisa pansi pa matiresi."

"Kalanga ine! Mwana wamkazi ameneyo?"

"Ndiwo oopsa, amayi."

Mawa lake Nesi ankakhala pampando womwewo. "Amayi, wadazi uja, wa mu ofesi, akuphunzira kusaina dzina la amake."

"Mayo! Wobala yekha?"

"Woyamba kubadwa, amayi."

Tsiku lina Telala anawauza akazi awo kuti ana akuwapusitsa. Iwo anangoti, "Sokani, bambo, sokani." Kenaka atadwalika anaitana ana aja, aliyense payekha, n'kumunong'oneza mawu amodzimodzi: "Ndikapita, ukayang'ane kuseri kwa kanema."

Ndiye lero Kalaliki anakoka, Nesi anakoka. Chivundikiro chakumbuyo, chimene chinangogwidwa ndi kawaya, chinagwa pansi kuti phwa! Munatuluka kope la ana asukulu ndi magalasi a maso.

Onse awiri anadumphira kope lija. Mitu inagundana.

"Bweretsani kuno," anatero Telala. "Ndiwerenga ine. M'nyumba muno wosanama ndatsala ndekha."

Anatsegula. Zolembazo zinali za akazi awo, zilembo zowongoka, zosaphonya mzere.

"Lolemba. Mwana wanga wamwamuna akuti mtsikana amapisa pansi pa matiresi. Ndaonera m'mawa pobwereza, bambo ali kumsika. Mtsikanayo amayala bedi."

Kalaliki anatsokomola. Nesi anaseka mpaka anagwira khoma. "Achimwene! Munthu wamkulu, wovala tayi!"

"Lachiwiri," anapitiriza Telala. "Mwana wanga wamkazi akuti wadazi akuba nyumba. M'sewero lonse mulibe wadazi. Wadazi ndi amene ndinabala ine."

Kuseka kwa Nesi kunathera pakhosi. Kalaliki anadzisisita pamutu.

"Ndiye kuti ankaona?" anafunsa Nesi.

"Ankaona kuposa iwe," anatero Telala, mtima uli mbee. Zaka ziwiri anadikira tsiku limeneli. Ananyowetsa chala, natembenuza tsamba, nakweza mawu. "Lachitatu. Bambo anu..."

Anaima.

"Werengani, bambo," anatero Kalaliki. "Wosanama mwatsala nokha."

"Apa inki yafufutika."

Nesi anatsomphola kope lija. "Lachitatu. Bambo anu anyambita shuga masupuni atatu ine ndili pomwepo, chikhalirecho adokotala anawaletsa. Nditafunsa chikulira n'chiyani, akuti ndi mbewa. Atatha anditulutsira lilime."

"Linali tsiku limodzi lokha," anang'ung'udza Telala.

"Lachisanu," anawerenga Nesi. "Mbewa ija yabweranso. Yavala malaya a bambo anu."

Kalaliki anafuna kuseka, koma anakumbukira chimene anabwerera. "Dumpha zimenezo, iwe. Pita kumapeto. Za nyumba akuti bwanji?"

Telala anagwira m'mphepete mwa makina. M'mutu mwawo munabwera kachipinda ka kwa Kalaliki, kosungiramo matayala, ndi khonde la kwa Nesi kumene kumagona galu. Ngati mayi uja anatha kuwanamiza zaka ziwiri, akuyendayenda m'nyumba atatambasula manja, akuwafunsa supuni ili kuti, ndiye kuti akanathanso kuwagulitsa pamodzi ndi mipando.

Nesi anapeza tsamba lomaliza. Anawerenga pang'onopang'ono.

"Nyumba ndinalembetsa kale kwa loya m'dzina la bambo anu. Munthu asawasamutse. Ndi ovuta, koma anazolowera pawindo paja. Muziwabisira shuga."

Kalaliki anakhala pansi ngati thumba. "Basi?"

"Pali mzere wina." Nesi anapitiriza kuwerenga. "Ana anga amanama onse awiri, koma amabwera. Maso anga ali bwino sankabwera."

Panja wogulitsa matsache anadutsa akufuula, mawu ake n'kukazimiririka kumapeto kwa msewu. Kalaliki anatola makiyi a galimoto. Nesi anaika kope patebulo, nakoleka chikwama paphewa. Panalibenso chodikira, ndipo Telala anaona bwinobwino kuti ana aja akatuluka pakhomopo, adzawaonanso tsiku la maliro a iwo eni, akupikisana kulira.

Anayang'ana wotchi yapakhoma. Kunatsala mphindi ziwiri kuti ikwane faifi.

Anadzuka, nabweza kanema pamalo pake. Anatola magalasi aja, nawapukuta ndi m'mphepete mwa malaya, nawabwezera kuseri, namanga chivundikiro ndi kawaya kaja. Anayatsa. Nyimbo ya sewero inayamba. Kwa nthawi yoyamba anakhala pampando wa akazi awo, woyang'ana kanema, umene unali utalowa pakati.

Anatsinzina diso limodzi, nasuzumira kutsogolo, natambasula dzanja ngati akufufuza china m'malere.

"Ana inu, maso angawa ayamba kuchita mdima. Wavala zofiirayu ndani?"

"Bambo," anatero Nesi ali pakhomo, "mwalowetsa ulusi pasingano ife tikuona."

"Ndachita mwamwayi."

Kalaliki anayang'ana makiyi m'dzanja lake, nayang'ana bambo ake. Anakoka mpando.

"Ameneyo, bambo, ndi mwana wamkazi wa m'nyumbamo. Ameneyo ndiye woopsa."

"Bodza, achimwene! Ameneyo ndi wantchito!" Nesi anaponya chikwama pansi, nakankha mchimwene wake kuti asendere.

Telala anatenga kansalu kamene akazi awo ankafunda m'miyendo, nakayala pamaondo awo.

"Kalanga ine," anatero. "Pitirizani."