Mwana si Khasu Lobwereka

Popita ku msika wa Dowa, Elube ankatula dengu lake la tomato pamalo amodzimodzi, pafupi ndi mpanda wa sukulu ya sekondale. Ankamasula chitenje chimene anachipinda nkhata, n'kuchipindanso pang'onopang'ono ngakhale chinali bwinobwino, maso ali pa atsikana a yunifolomu. Akangomuona Hope, ankasenza n'kumapita.

Hope anali mwana wake. Anam'bereka akadali mtsikana, mwamuna atakana mimba. Anam'pereka ali wakhanda kwa a Festus, mphunzitsi komanso mkulu wa mpingo, ndi akazi awo a Manesi, omwe analibe mwana. Pangano linali lakuti mwanayo aphunzire, Elube atseke pakamwa. Anatsekadi.

Tsiku lina a Manesi anam'peza Elube kwawo ku Msakambewa akusoka fodya m'chigafa. Anakana mpando.

"Hope ali ndi pakati," anatero. "Abambo akuti sangakhale m'nyumba ya mkulu wa mpingo. Mum'tenge. Akuti watengera magazi."

Elube anaika singano pansi.

"Magazi a ndani? Atasankhidwa kupita ku sekondale munalulutira mudzi wonse kumva, mukuti mwana wathu. Lero magazi asanduka anga?"

"Musakweze mawu, mayi."

"Ndikweza! Tsiku lija munam'tenga, mawere anga anatupa ngati maungu. Ndinkakamira mkaka pansi kuseri kwa nkhokwe, inu mukum'mwetsa wa m'chitini. Sindinabwere kudzalira pakhomo panu. Mwana si khasu lobwereka, loti likaguluka mubweze kwa mwini wake."

A Manesi anayang'ana pansi. "Ine sindikufuna kuti achoke. Koma ndimagwira ntchito ku ofesi. Khandalo alera ndani?"

"Akabwera kuno adzam'kwatitsa mvula isanagwe, sukulu n'kuthera pomwepo. Khandalo ndilera ine, ndizigona m'khitchini mwanu. Iye akabereka abwerere m'kalasi. Ndipo mukawauze a Festus kuti akam'thamangitsa, ndidzaimirira m'tchalitchi Lamulungu, ndidzafunse mpingo wonse ngati mwana amabwezedwa."

"Nanga Hope tikamuuze kuti ndinu ndani?"

"Wantchito. Zom'liza ali nazo kale zokwanira. Mayi ake ndinu. Khalani mayi ake, musiye kunjenjemera."

A Manesi atachoka, a Obed, amuna a Elube, anatuluka kuseri kwa chigafa kumene ankamvetsera. Anam'tenga chitengwa kalekale, ndipo munda, nyumba ndi chigafacho zonse zinali za kwawo kwa a Obed.

"Iwe Elube, fodya yenseyu asoka ndani?"

"Singano ndi iyo. Manja muli nawo."

"Ukufuna ukakolope m'nyumba ya eni chifukwa cha mwana wapathengo amene sadziwa n'dzina lako lomwe? Ukapita, usadzapondenso pano."

"Ndamva, bambo. Simunachite chibwibwi."

Elube analowa m'nyumba, nakoka chikwama pansi pa bedi. Anaikamo madiresi ake, sopo, ndi nsapato zopitira ku tchalitchi. Padengu la tomato panali nkhata ija. Anaimasula, naikutumula. Chitenjecho chinali chitasuluka koma chinali cholimba, choti n'kuberekera khanda. Anachipinda, nachiika pamwamba, natseka zipi.