Nkhafi ya a Sitima

Chaka chimene tinavota koyamba chija, kwathu kuno ku Mpoto, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, kunabwera anthu ophunzira ochokera ku Zomba ndi kachipangizo konga dzira la bakha, kachingwe kumchira. Ankakamiza m'madzi n'kumajambula phokoso la nsomba pa kaseti. Nsomba, abale! Ife timadya, iwo amafuna amve maganizo ake. Wowapalasira bwato anali a Sitima.

Nyanja ya Chilwa itauma, ophunzirawo anasiya katoni ya makaseti kwa a Sitima, ati adzatenga Lachisanu. Lachisanulo linatha zaka khumi, ndipo a Sitima sanalidikire, anatisiya.

Akazi awo, a Enelesi, anali ndi kaseti imodzi yapamtima. Milamba inkang'ung'udza mmenemo ngati apongozi osakhuta, koma iwo ankamvera nkhafi. A Sitima phewa linkawavuta, choncho ankapalasa kawiri, kachitatu nkhafi n'kugunda bwato: khu! A Enelesi ankasenda chinangwa wailesi ili pambali, khu uja akamveka n'kuyankha, “Ndamva bambo, musaswe bwato la eni.”

Tsiku lina kunafika Peggy, mtsikana wa kafukufuku, thukuta lili kamukamu. Anati pa msonkhano wa akatswiri a nyanja, a kuno ndi a maiko oyandikana nafe, panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kuti makasetiwa alipo. Iye anangoona dzina la a Sitima m'kope lakale.

“Tengani onse mwanangu, mphemvu zisamuke. Koma iyi mubweze,” anatero a Enelesi, akumupatsa yapamtima ija.

“Ndibweza mayi, ili bwino kuposa pano.”

Anabwezadi patatha miyezi iwiri, kaseti yatsopano, yonyezimira. A Enelesi anaiika mu wailesi. Milamba inang'ung'udza momveka ngati ili m'nyumba momwemo. Anadikira. Anatembenuza mbali inayo. Anadikirabe.

“Nanga wopalasa uja?”

“Kugogoda kuja? Tachotsa ndi kompyuta, mayi, kumaphimba nsomba. Sabata yathunthu tikulimbana nako!”

“Yakale ija?”

“Inali ndi nkhungu, inaduka. Tinataya, tangosunga yoyerayi.”

A Enelesi anamuphikira tiyi, pajatu mwana wa eni anayenda mtunda. Atamuperekeza, anakhala pakhonde, milamba ikulongolola yokhayokha. Anawerenga chamumtima, kamodzi, kawiri, n'kugunda beseni ndi mpeni wosendera: khu!