Ndani Anatsuka Mfuti ya a Gilchrist?

"Ndiwe wachita zimenezi! Usandiyang'ane ngati sukumva, Nelia. Kiyi wa kabati amakhala ndi iwe!"

Joan anakhuthula Chingerezi chake cha ku Glasgow chija, chogwa ngati matalala padenga la malata, chala chili pamphuno pa Nelia, mtsikana wosamalira bambo ake odwala. Patebulo la pabalaza anali atayalapo nsalu yobiriwira, ndipo pansalupo panagona mfuti za bambo ake a Joan. Zinali mfuti zing'onozing'ono za m'manja, zakalekale za ku America, zija zokhala ndi kamgolo kozungulira koikamo zipolopolo. Zonse zinali zakuda mothimbirira, zina zofiirira ngati fodya wouma. Imodzi yokha inkawala kuti mbee, ngati supuni ya paukwati.

Eni mfutizo, a Gilchrist, anali pampando wawo pafupi ndi windo loyang'ana ku ngalande ya Maryhill, bulangete lili pamaondo. Sitiroko inawalanda mawu chaka chatha. Moyo wawo wonse anali wokonza sitima ku Springburn, ndipo anzawo akamathera malipiro ku mowa ndi ku mpira, iwo ankasaka mfuti zimenezi, zosaomberanso, zongosunga. Tsopano Joan ankafuna kugulitsako imodzi kuti bambo akewo apitirize kusamalidwa pakhomo pawo, asapite kosungira okalamba. N'chifukwa chake anaitana a Rennie, katswiri woyesa zinthu zakale.

A Rennie sanakweze mawu. Anatola mfuti yowalayo ndi manja ovala magolovesi oyera, n'kuyandikitsa kagalasi kudiso.

"Mayi, iyi ndi Colt ya m'ma 1850," anatero kwa Joan. "Ndinaionapo kale, ndinachita kuwanyengerera bambo anu kuti andigulitse, anakana. Pakamgolo apa panali chithunzi cha zombo zikumenyana panyanja, chodindidwa kufakitale komwe. Mukuonapo chombo?"

Joan anawerama. Panalibe chombo.

"Manambala akugwirizana, ya pampope ndi ya pansi apa, ziwalo zonse ndi zake. Koma wogula sayambira manambala, amayambira khungu. Kuda kuja si litsiro ayi, ndi ukalamba wa chitsulo, ndipo ndi umene anthu amalipira. Ukachoka wachoka, palibe mmisiri angaubwezere. Wina waikwecha ndi waya wotsukira mapoto. Mizere yake ndi iyi."

"Ndiye tipezapo chiyani?"

"Ngakhale theka la mtengo wake sindingakulonjezeni."

Nelia anayang'ana mfutiyo. Iye kukwecha mfuti imeneyo? Iye amene masana aliwonse ankatsegula kabati, kuwaveka a Gilchrist magolovesi, n'kuwaikira mfuti imodzi m'manja kuti aisisite mpaka tulo tiwabe? Asanasiyiretu kuyankhula, chinthu choyamba chimene mdalayo anamuphunzitsa chinali chakuti chitsulocho asachikhudze ndi dzanja, asachipukute, asachidonthezere ngakhale mafuta.

Koma Loweruka lapitalo Nelia anali pa ofu, ndipo shifiti yake anaigwira mayi Matilda, supavaiza wa ejensi yawo yosamalira odwala m'makomo. Powasiyira kiyi, Nelia anawauza mwaulemu kuti mfutizo zisapukutidwe. Iwo anangoseka. "Iwe, wa dzulodzulo, undiphunzitse ukhondo ine?" Mayi Matilda ankayenda ndi waya wawowawo m'chikwama, ati masiponji a kuno amangosisita litsiro. Pomwe adutsa, ketulo imasanduka kalilole. Lamulungu potuluka m'tchalitchi anamukokera Nelia pambali, nkhope ili mwee. "Ndakuchotsera manyazi, mwanawe. Zitsulo za mdala uja unazisiya zichite dzimbiri ngati makasu oiwalika kudimba. Ndakwanitsa imodzi yokha, zinazo ndidzamaliza." Nelia atawauza chimene anachita, kumwetulira kunazima. Anati nkhaniyo aisiye m'manja mwawo, adzaifotokoza okha kwa Joan.

Sanaifotokoze.

"Ndaimbira kale ku ejensi," anatero Joan. "Supavaiza wako ali m'njira. Ndikufuna uchotsedwe lero lomwe, usadzalowenso m'nyumba ya wodwala wina."

Viza ya Nelia inali yomangidwa ku ejensiyo ngati mbuzi pachikhomo. Ntchito ikatha, ndi mbiri yoti anawononga katundu wa wodwala, palibe wina angamulembe, ndipo chotsatira ndi ndege ya ku Lilongwe.

Belu linalira. Mayi Matilda analowa akukutumula ambulera, baji ya ejensi ili pachifuwa, chikwama chawo chachikulu chakuda chili paphewa. Anapereka moni kwa onse, anayang'ana patebulo kamodzi kokha, kenako anapempha kuti ayankhule ndi mtsikanayo kukhitchini.

Chitseko chitatsekeka anasinthira ku Chichewa, chonong'ona.

"Tamvera mwanawe. Ungoti pepani, sindimadziwa. Azungu amamvera chisoni mwana. Lipoti ndilemba ndine, ndilifewetsa."

"Mulifewetsa bwanji, Anti? Mwamumva Joan. Akufuna mutu wanga lero."

"Tikupezera ina. Abusa amadziwana ndi anthu."

"Chiko munamuuzanso choncho atamuchotsa. Pano ali ku Ndirande, akugulitsa kaunjika."

"Usandiyankhe chipongwe!" Anayang'ana kuchitseko, natsitsanso mawu. "Ine ndinkathandiza. Chinthu chadzimbiri m'manja mwa munthu wodwala, tinaleredwa choncho ife? Mayi ako akanachiona akanachisiya?"

Nelia anadziwa kuti mayi ake akanachikwecha ndithu, ndi mchenga womwe, mpaka chiwale. Zimenezo n'zimene zinkamupweteka kwambiri. Mayi Matilda sanali mfiti. Anali munthu wa manja osakhazikika, wokhulupirira kuti chakuda chilichonse chikudikira iwo.

"Ndani anakuchingamira pa eyapoti uli ndi kajuzi kamodzi?" anapitiriza. "Ndani anakugoneka pasofa pake ku Gorbals, osakulipiritsa? Ntchito imeneyi anakupezera ndani?"

"Ndinu, Anti. Sindinaiwale."

"Ndiye undivule pamaso pa azungu? Ine mayi wa Mvano, supavaiza, ana anga ali pasukulu? Zikamveka kutchalitchi ndiyenda bwanji?"

"Inu muli ndi pasipoti ya kuno. Akakudzudzulani mukagona m'nyumba mwanu. Ine akandichotsa ndikwera ndege." Nelia anawayang'ana m'maso. "Si inu nomwe mumatiuza kuti mutu ukakula sulewa nkhonya?"

Mayi Matilda anakonza baji yawo, natsegula chitseko.

Pabalaza a Rennie anali akukulunga mfuti zinazo, iliyonse m'nsalu yake, mofatsa ngati akufunditsa makanda. Mayi Matilda anaima pakati, manja atawapinda kutsogolo, nayamba ndi Chingerezi chawo cha muofesi.

"M'malo mwa ejensi, ndikupepesa kwambiri. Mtsikanayu sanakhalitse kuno, zinthu zina sanazidziwe. Kwathu tinazolowera kutsuka chilichonse. Sanachite dala. Ndimutenga kuofesi, ndipo mawa tikutumizirani wina."

"Kusadziwa sikubweza mfuti," anatero Joan. "Bambo anga azikagona kuti ndalama ikatha?"

Pamenepo a Gilchrist anabuula. Anatambasula dzanja lawo lamoyo lija kuloza patebulo. Mwachizolowezi Nelia anatola golovesi kuti awaveke, koma iwo anaikankha. Panalibenso choteteza. A Rennie anawaikira mfuti yowalayo pachikhatho, ndipo chala chachikulu cha mdalayo chinayenda pakamgolo, chikufunafuna zombo zake. Chinazungulira, chinazunguliranso. Atadzutsa mutu sanayang'ane Nelia. Maso awo anakaima pa mayi Matilda. Milomo inagwedera, khosi linatupa mitsempha, koma chinatuluka ndi mpweya wokha.

"Mwaona?" Joan anafuula. "Mwaona mmene wawapwetekera? Tenga jasi yako, Nelia, tuluka!"

"Tiye, mwanawe," anatero mayi Matilda m'Chichewa, akumugwira pachigongono. "Osachititsa manyazi. Tikakambirana panja."

Panja. Nelia anadziwa kuti akangoponda kunja kwa chitseko chimenecho, nkhani yatha, ndipo wolakwa ndi iye mpaka kalekale. Mboni yake yokhayo inali pampando apo, yopanda mawu. Kuyambira ali mwana anamuphunzitsa kuti wamkulu salozedwa chala pagulu, kuti mwana amameza. Koma bwanji womeza amakhala yemwe alibe pogwira? Bwanji ulemu umangoyenda njira imodzi, kukwera, osatsikako?

Anachotsa mkono wake m'dzanja la mayi Matilda. Anapita kukaima pachitseko, nachitsamira ndi msana. Anayankhula m'Chingerezi, pang'onopang'ono, kuti pasakhale wonena kuti sanamve.

"Joan, Loweruka ine kuno kunalibe. Funsani ku ejensi amene anagwira shifiti yanga."

"Nelia!" Mayi Matilda anakumbatira chikwama chawo pachifuwa.

"Ndinakupatsani mpata kutchalitchi, Anti. Ndakupatsaninso kukhitchini." Misozi inali itayamba kutsika, koma sanaipukute. "Ine pano sindichoka, inunso simutuluka. Tsegulani chikwamacho a Rennie aone waya ali m'menemo. Kenako muwayang'ane a Gilchrist m'maso. Anatsuka mfuti yawo ndani? Yankhani, Anti Matilda!"