Mapira Ofiira ndi Paipi Yatsopano

Ulendo wachitatu umene Elias anakatenga mkazi wake Juliana kuchipatala cha pa boma, dokotala sanafune zozungulira. Anaitanira Elias pakhonde n'kumuuza maso ndi maso kuti, "Bambo, mphumu ya mayiwa si yoseweretsa. Akapitiriza kupuma utsi, tsiku lina mudzafika nawo kuno mochedwa."

Elias anadzifunsa mumtima. Utsi utinso? Kodi si iye yemwe, zaka ziwiri zapitazo, anamangira mkazi wake chitofu cha njerwa n'kuimika paipi yamalata yotulukira padenga kuti utsi uzipita kunja? M'mudzi mwawo monse, kwa Maseya kuja, khitchini ya chumuni inali yake yokha, moti anthu ankachita kubwera kudzaonerera. Ndipo chaka choyamba zinayendadi. Juliana ananenepa, ankapita kumjigo n'kubwerako osatula ndowa panjira. Koma chikololereni chaka chino chifuwa chija chinabwerera, ndipo chinabwerera ndi mkwiyo.

Njira yonse akupalasa njinga, Juliana ali pakaliyala, Elias ankamva kupuma kwa mkazi wake kumsana, kukulira tswii, tswii. Anachita mantha kwambiri. Tsono mwamuna ameneyu, ndikuuzeni, mantha akamugwira sakhala mantha nthawi yaitali, amasanduka ukali, ndipo ukaliwo umafuna munthu woti umugwere.

Atafika kunyumba analunjika kukhitchini. Abale, makoma anali bii ndi mwaye watsopano, wonyowa ngati mafuta. Iye anali asanaone zimenezi, poti munthu wodula nzimbe amachoka nkhuku zisanatsike, amaswera m'munda wootchedwa, n'kubwerako mphuno zitadzaza phulusa. Wotereyo utsi wa m'khitchini angaumve bwanji? Anatuluka n'kuyang'ana padenga. Paipi ija inali itafiira ndi dzimbiri, kachipewa kake katapendekeka. Basi, wolakwa anapezeka: Humphrey, wokhoma ndowa wa pamsika, amene anapinda paipiyo.

"Munandigulitsa chitini chowola inu," anatero Elias m'mawa mwake, asanatsike n'komwe panjinga. "Mkazi wanga akufa ndi utsi chifukwa cha ntchito yanu yachinyengo."

Humphrey sanasiye kukhoma. Anali munthu wosapsa mtima msanga, zimene zimawawa kwambiri ukabwera kudzayambana naye. "Achimwene, dzimbiri ndi dzimbiri, malata onse amakalamba. Koma paipi ikabooka imangodontha utsi m'mbali, siubweza wonse m'nyumba. Mwasuzumiramo?"

"Ndisuzumiremo chiyani? Ndili ndi maso, ndaona dzimbiri."

"Chabwino. Safunsa anadya phula."

Humphrey anamupindira ina yamalata okhuthala, zidutswa zitatu zolowetsana, ndi chipewa chatsopano. Elias anazimangirira panjinga ndi mphira n'kuchoka osatsanzika.

Loweruka dzuwa linatuluka ngati lili ndi mlandu ndi munthu. Okutobala wa kuchigwa mukumudziwa, malata amawotcha ngati chiwaya nthawi isanakwane n'komwe naini koloko. Elias anatsamiritsa makwerero kukhoma. Juliana anali atakhala pamphasa pansi pa mtengo wa nimu, ndipo atamuona akukwera anadzuka msangamsanga.

"Bambo a Monalisa, bwanji mudikire mvula iyambe? Mupsa mapazi pamenepo."

"Mvula idikire yokha."

"Kapena mungoisiya yakaleyo, muimate phula m'mabowomo."

Elias anadabwa pang'ono kuti munthu wodwala utsi akuikira kumbuyo paipi yowola, koma sanaziganizire kawiri. Anadula mawaya amene ankagwira paipi, anapala phula louma pamene inatulukira padenga, n'kuyamba kuigwedeza. Inali yolemera modabwitsa. Atakoka mwamphamvu inazuka, inamupulumuka m'manja, n'kugwera pansi kuti khuu! Inathyoka polumikizira, ndipo m'kati mwake munatuluka chinthu chakuda, chozungulira, chachikulu ngati mutu wa mwana.

Anatsika. Anachitembenuza ndi phazi poganiza kuti mwina ndi chisa cha mbalame. Ayi ndithu. Linali dothi, loumbidwa bwinobwino ndi manja a munthu, lokulungidwa m'nsanza ya chitenje chobiriwira. Chitenjecho ankachidziwa. Anachigula yekha.

Anacheuka. Juliana anali ataima, manja ali pachifuwa, akuyang'ana pansi.

"Mayi a Monalisa, ichi n'chiyani?"

"Ndinatseka ndine."

"Mwapenga kodi? Ine kukatukwana munthu wosalakwa pamsika, kukugonerani pasimenti kuchipatala katatu konse, inu mukudzipha nokha?"

Juliana anatembenuka. Analowa m'khitchini, Elias akumutsatira, ndipo analoza kutsindwi. Pamtanda, pamwamba penipeni pa chitofu, panalendewera ngala zisanu ndi ziwiri za mapira ofiira, zomangidwa ndi luzi, zakuda ndi utsi. Elias ankaziona masiku onse monga mmene munthu amaonera chitseko, osaziganizira.

"Mbewu iyi ndinachokera nayo kwa amayi ku Nsanje," anatero Juliana. "Mudzi uja madzi anatenga, mukudziwa. Mtundu umenewu kulibenso amene ali nawo. Chimene chimaisunga ndi utsi, anankafumbwe saiyandikira. Chaka chija munaika chumuni chanu, ine ndinachira, inde, koma mbewu inafumbwa yonse. Ndinadzala munda wathunthu, unamera mzere umodzi. Izi mukuonazi ndi zochokera mumzere umenewo."

"Nanga osandiuza?"

"Ndinakuuzani. Munati mudzabweretsa mankhwala a anankafumbwe."

Apa Elias anadziwa kuti zinali zoona. Analonjezadi, kawiri, ndipo kawiri konse anaiwala. Koma manyazi nawonso mwa munthu ameneyu amatulukira khomo lomwelo la ukali.

"Bwenzi mutakapachika kwa aneba athu a Jesinta! Khitchini yawo ndi utsi wokhawokha."

"Ndinapachikako ngala zinayi. Njala itavuta ana awo anapukusa n'kukazinga. Ndiwadzudzule? Ana anali ndi njala."

"Ndiye mawa ndikagula mankhwalawo."

"Munatero chaka chatha."

Polankhulapo mpweya unamuthera Juliana. Anagwira khoma, mapewa akukwera ndi kutsika, maso atatuluka, n'kuyamba kufufuza kampope kake kopopera m'kamwa kamene anamanga kumpindiro wa chitenje. Elias anamugwira mkono mpaka kupumako kunabwerera. Zaka makumi awiri ndi zitatu ali ndi mkazi ameneyu, ndipo anali asanaganizepo kuti nyumba ija ingakhale bwanji popanda iye. Tsopano anaganiza, ndipo zinamuopsa.

Anabwerera kuntchito yake. Analowetsa chidutswa choyamba pakamwa pa chitofu n'kumata ndi dothi la pachulu. Anakweranso padenga, malata akumuwotcha kudzera m'mapatapata, anatsitsa chachiwiri pabowo mpaka chinalowa m'chinzake, kenaka chachitatu. Anamanga mawaya mbali zitatu kuti mwera usadzaigwetse, anathira phula mozungulira, anaveka chipewa. Inaima chilili, ikunyezimira mochititsa khungu. Ntchito inali yabwino, ngakhale mdani akanavomereza.

Atatsika anapeza Juliana atanyamula ndowa.

"Ndilonjezeni kuti iyi simuigwira," anatero Elias.

Juliana anamuyang'ana m'maso. Mkazi ameneyu bodza sankalitha, ndipo tsiku limenelo bodza likanamuthandiza. "Kwangotsala milungu itatu kuti mvula igwe. Ndikadzala, paipi yanu ndiisiya. Koma mukapita kuntchito Lolemba, nditseka."

"Dokotala munamumva?"

"Ndinamumva. Milungu itatu sindingafe nayo."

Anasenza ndowa yake n'kumapita kumjigo, akuyenda pang'onopang'ono, akuima pamthunzi uliwonse.

Elias anatsala yekha m'khitchini. Anasonkha moto kuti ayese paipi. Nkhuni zinagwira, utsi unazungulira kamodzi n'kulowa m'paipi wonse, kuchita kumveka huu. M'chipindamo munali mbee. Anakweza maso. Ngala zija zinali pomwepo, zikugwedezeka pang'ono ndi kutentha.

Milungu itatu. Nanga mvula ya kuno imamvera munthu? Ikhoza kugwa Novembala, ikhoza kudikira Khirisimasi. Ndiye tsiku lililonse iye ali kunzimbe, mkazi wake akhale muno akumeza utsi chifukwa cha timapira todzaza chipewa chimodzi? Akazibisa, azifuna mpaka azipeza. Akagula mankhwala, anena kuti sakuwakhulupirira. Anaona njira imodzi yokha, ndipo munthu wamantha akaona njira imodzi safunanso kumva za ina.

Anakwera pampando, anadula luzi ndi mpeni, n'kuponya ngala zonse zisanu ndi ziwiri m'chitofu.

Zinayaka msanga, zouma chomwecho. Njere zinayamba kuthetheka, phu, phu, phu, ndipo fungo la mapira okazinga linadzaza bwalo lonse. Pomwepo ukali wonse unamuchoka, anangotsala munthu wogwira mpeni. Anafuna kupisa dzanja kuti apulumutseko ngala imodzi, koma munalibenso choti n'kupulumutsa.

Juliana analimva fungolo ali panjira. Anafika osathamanga, anatula ndowa pakhomo osataya ngakhale dontho, analowa. Anayang'ana kutsindwi, kumene tizingwe ta luzi tinkalendewera topanda kanthu. Anayang'ana m'chitofu. Anaima pakati pa khitchini moto ukuyaka, ndipo sanatsokomole ngakhale kamodzi.

"Ndachitira moyo wanu," anatero Elias. "Ndikagula mbewu ina. Iliyonse imene mungafune. Mayi a Monalisa, ndiyankheni."

Juliana anamasula mpango kumutu n'kuumanga m'chiuno. Polankhula sanakweze mawu.

"Amayi anga madzi anawatenga, mtembo sitinaupeze, sitinawaike. Zaka zonsezi ndinalibe poti ndilire. Lero mwawaika ndinu."

Anatuluka, anakhala pansi pafumbi pafupi ndi khomo, anatambasula miyendo monga amakhalira amayi pasiwa, n'kuyamba kulira maliro mokweza, m'Chisena cha kwawo, akutchula dzina la mayi ake. Mpweya unamukwanira bwinobwino. Anthu oyandikana nawo anayamba kutuluka m'nyumba zawo, akufunsana kuti wamwalira ndani, ndipo woyamba kufika anafunsa Elias.