Belu la Njinga ya Melissa

Belu la njinga litalira kuseri kwa mpanda, Mabel anataya kapu ya tiyi. Linalira kawiri mofulumira, kenako kamodzi mokoka. M'mudzi wawo wonse, kufupi ndi Kaseye, woliza belu choncho anali mmodzi yekha: mnzake Melissa, amene ankadzutsa nalo anzake popita kusekondale. Koma Melissa anali atatha miyezi itatu kumanda. Iye ndi Anock wa Fomu 3 anaphedwa ndi achifwamba panjira ya m'dambo akuweruka, chifukwa cha njinga zawo basi.

Apolisi anagwira amuna awiri, njingazo n'kupezeka chakumalire, koma mantha anatsala pomwepo. Makolo anatsekera ana pakhomo. A Rodwell, bambo ake a Mabel, anachita kunyanya: anagulula tayala lakutsogolo la njinga ya mwana wawo n'kulipachika kudenga. Tsikulo linali loyamba la mayeso a Fomu 4, ndipo Mabel anavala yunifolomu mwamakani chabe, akudziwa kuti sapita kulikonse.

Anathamangira panja mtima uli m'mwamba. Pachipata panaima a Evelyn, mayi ake a Melissa, amene chiikireni maliro anali asanapiteko ngakhale kuchigayo. Ankakankha njinga ya mwana wawo, pakuti kupalasa sankatha. Kumbuyo kwawo kunali chinamtindi: ana a sukulu, amayi atamanga zitenje m'chiuno, abambo atanyamula zikwanje, ngakhalenso a Safeli okonza njinga, amene mwendo unkawavuta koma pakamwa ayi. Belu lija linali litayenda khomo ndi khomo, ndipo palibe anatha kulikana. Anawo ankaseka, kukankhana, kufunsana za Bayoloje mokuwa, ngati mbuzi zongotsegulidwa m'khola.

A Rodwell anatuluka nkhope ili gwa. Anayankha mwaulemu moni wa m'mawa wa anthuwo, "mwawuka uli", kenako ananena kuti mayeso amabwera chaka chilichonse, koma mwana ali naye mmodzi. A Safeli anawaseka kuti tayala la kudenga silinakhozetsepo munthu mayeso, koma palibe anaseka nawo.

"Adada, zaka zinayi ndakhala ndikudikira tsiku ili," anatero Mabel mokwiya.

A Evelyn anayedzamiritsa njinga kumpanda.

"A Rodwell, ine wanga anachita kundilanda. Desiki yake ikhala yopanda munthu lero, ndipo palibe chimene ndingachite. Koma ya Mabel mukuisiya yopanda munthu ndinu. Anthu aja anatenga awiri. Tisawapatse onse."

A Rodwell anayang'ana kudenga, kenako dzuwa. Nthawi yomanga tayala inali itatha kale. A Evelyn anawakankhira njinga ya Melissa.

"Munyamuleni pa iyi. Njira inaizolowera."

Kunamveka nthungululu. Mabel analumphira pakaliyala asanauzidwe, ndipo gulu lonse linanyamuka, ena pa njinga, ena akuthamanga, nyimbo ili pakamwa, fumbi lili kobo. Mabel ankaseka, misozi ikutsika. Anali ataiwala kuti mphepo ya m'mawa imakoma chonchi.

Atafika m'dambo, pamene udzu unatalika kuposa munthu, nyimbo inazima yokha. Abambo a zikwanje aja anayamba kutchetcha udzuwo mbali zonse. Mabel anamva msana wa bambo ake ukunjenjemera, malaya ali chinyontho, ndipo anazindikira kuti pa awiriwo wamantha kwambiri sanali iye. Anapisa dzanja pansi pa mkono wawo n'kuliza belu: kawiri mofulumira, kamodzi mokoka.

A Evelyn analira mokweza, koyamba pamaso pa anthu chichitikireni malirowo. Kenako anapukuta nkhope ndi chitenje n'kukalipira anawo kuti achedwa.

Anafika pasukulu woyang'anira mayeso atagwira kale chitseko kuti atseke. Mabel anakhala pafupi ndi desiki yopanda munthu ija, nalemba dzina lake. A Rodwell anakhala pansi pa mtengo kunja kwa mpanda mpaka pepala litatha, ndipo anakana ngakhale nthochi.

M'mawa mwake Mabel anadzidzimuka ndi belu lolira mosalongosoka, kanayi kapena kasanu. Anasuzumira pazenera. Njinga yake inali pabwalo ndi matayala onse awiri, ndipo bambo ake anali pampanda wa aneba, akuliza belu lija n'kukalipira mwana wa anebawo, Wallace, kuti avale nsapato msanga.